Mmene Anatsekera Tsamba la Achemwali

Tsamba la pa intaneti limene anawatsekera achemwali anga ndinawatsegulira ndine. Linali Lamlungu masana ku Rimuka, m'tauni ya Kadoma, titakhala pakhonde, foni ili yatsopano. Anawagulira ndi alamu anga, amuna awo, chaka chimene ntchito yawo ya ku fakitale ya thonje inatha. Ine ndimakhala ku Pfupajena ku Chegutu, kumene ndimawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, ndipo masiku amenewo ndinkakwera kombi, minibasi ya kuno, kukawaona kawiri pamwezi. Achemwali ndiwo anandilera mayi athu atamwalira pa famu imene tinabadwira.

Foni itafunsa dzina, ndinalemba limene tonse timawaitana nalo pakhomo, lomwe mayi anawapatsa. Kenako inaonetsa Chingerezi chambirimbiri n'kufunsa ngati tikuvomera. Ndinadina osawerenga.

"Wavomera chiyani pamenepo?" anafunsa achemwali.

"Palibe, achemwali. Aliyense amangodina."

Kwa zaka zingapo tsambalo linali la zinthu wamba. Ankaikapo zithunzi za amayi a kutchalitchi, madiresi amene ankasoka, ndi timavidiyo ta alamu. Alamu anali munthu wokonda kuimba akamagwira ntchito, ndipo achemwali ankawajambula mobisa akukonza njinga kapena akusenda chimanga. Foniyo inkadzaza msanga. Ikadzaza, mwana wawo wamkazi ankafufuta zakale, n'kumati zisawadetse nkhawa chifukwa zonse zili kale pa tsamba.

Ntchito ya ku thonje itatha, alamu anayesa zambiri. Pomaliza anapita kumene amuna ambiri a ku Kadoma anapita, kukakumba golide. Mgodi wake unali wa munthu wina wolemera amene anali ndi migodi ingapo kutchire. Sunali mgodi ngati ija ankagwirako azigogo athu atabwera kuchokera ku Malawi. Linali dzenje lakuya, chingwe, ndowa, jenereta, ndi mitengo yochirikiza makoma imene aliyense ankadziwa kuti inafumbwa.

Tsiku limene dothi linawakwirira alamu, mvula inali itagwa mlungu wathunthu. Uthenga unandipeza ndikuwotcherera geti la munthu. Ndinasiya zonse, ndipo pofika kumgodiko ndinapeza achemwali atagwada m'matope pafupi ndi dzenjelo, khutu lili pa paipi imene inkatsikira pansi. Amuna onse anali chete. Atandikodola ndinaikanso khutu langa, ndipo ndinamva: chitsulo chikugunda paipi, katatu, kenako chete, kenako katatu. Alamu anali moyo, kuseri kwa dothi logumukalo, koma madzi ankakwera.

Kapampu ka pamgodipo kanali katafa. Mwini mgodi anali ndi pampu yaikulu pa mgodi wake wina, ndipo kapitao ankangoti ikubwera, ili m'njira. Amuna ankatunga madzi ndi ndowa, kulandizana chingwe mpaka manja kusupuka. Amene ankatsika kwambiri kuposa onse anali mnzawo wa alamu, bambo wamtali wa ku Rimuka komweko, amene anagwira nawo ntchito kuyambira ku thonje. Kugunda kuja kunamveka tsiku loyamba lonse ndi lachiwiri. Dzuwa la tsiku lachiwiri likupendeka kunayamba kuchedwa, kenako sikunamvekenso. Pampu inafika tsiku lachitatu. Alamu tinawatulutsa tsiku lachinayi, atakulungidwa m'bulangete.

Mwini mgodi anatumiza bokosi, ufa ndi kabichi kumaliro, koma iye sanabwere. Anthu a boma anafika kumgodi, analemba zolemba zawo, anautseka. Patapita milungu iwiri jenereta inaliranso.

Achemwali si munthu wolankhulalankhula. Ngakhale kutchalitchi ankakhala kumbuyo. Choncho nditatsegula foni yanga m'mawa wina n'kuona nkhope yawo ikulankhula, ndinadzidzimuka. Foni anaitsamiritsa pa chitini cha shuga, anakhala pampando atavala zakuda, n'kufotokoza zonse kuyambira pa mitengo yofumbwa mpaka pa pampu. Sanalire. Analankhula Chichewa chokhachokha, chimene sindinawamve akulankhula motero chimwalirire mayi. Nditawafunsa chifukwa chake, popeza anthu ambiri kuno amamva Chishona, anati zinangotuluka choncho. Mlungu wotsatira ananenanso zomwezo m'Chishona, chifukwa anthu anapempha.

Zinafalikira kuposa mmene tinkaganizira. Anthu a ku Chinengundu, dera lina la ku Chegutu, ankandiimika pamsewu kundifunsa ngati mayi uja ndi mlongo wanga. Ena ankalemba kuchokera m'mafamu, ena ku Joni, ena ku Malawi kumene ife sitinafikeko n'kamodzi komwe. Amayi ena amasiye anayamba kulembapo nkhani zawo, za amuna awo amene anatsala m'maenje ena. Lamlungu lililonse akabwera kutchalitchi, achemwali ankatsamiritsa foni pa chitini chija. Anatchula dzina la mwini mgodi. Anaikapo chithunzi cha galimoto yake itaima pa mgodipo tsiku lachiwiri lija, chimene wina anawatumizira. Anaikaponso kavidiyo ka alamu akukokedwa ndi chingwe m'bulangete muja.

Ndinene zoona, ine ndinkachita mantha. Anthu amene amandipatsa ntchito ya mageti ndi anthu a golide omwewo, pakuti ndi okhawo amene akumanga nyumba masiku ano. Ndinapita ku Rimuka n'kuwauza kuti dzina la munthuyo alisiye.

"Ndanama pati?" anandifunsa.

"Simunaname, koma anthu amenewa ali ndi mari, achemwali, ndalama zambiri."

"Iwe unaika khutu pa paipi ija kapena sunaike?"

Nkhaniyo ndinaisiyira pomwepo. Anandiuza kuti mtolankhani wina wa ku Harare wawalembera pa tsamba lomwelo, akufuna kudzacheza nawo kumapeto kwa mwezi. Nambala yake sanailembe penapake, chifukwa uthengawo unali pomwepo, ndipo panalibe chifukwa choganizira kuti ungasowe.

Choyamba kuchoka chinali kavidiyo ka bulangete kaja. M'malo mwake munatsala mawu akuti zimenezi sizigwirizana ndi malamulo a eni tsamba. Patapita masiku atatu anawaletsa kulemba chilichonse kwa mlungu umodzi. Mlunguwo usanathe, Lachisanu m'mawa, anandiimbira foni.

"Tsamba langa silikutseguka. Kukubwera Chingerezi. Tabwera udzawerenge."

Ndinakawerenga. Ankati tsambalo latsekedwa chifukwa chozunza ndi kuopseza munthu. Sanatchule mawu amene anali oopseza, kapena tsiku limene ananenedwa, kapena munthu amene anadandaula. Pansi pake panali podina ngati munthu ukuona kuti alakwitsa. Ndinadina, ndipo ndinalemba m'Chingerezi changa chonse chimene ndinali nacho: kuti mayiyu mwamuna wake anafera mumgodi, kuti akungofotokoza zimene anaona, kuti sanaopseze munthu. Ndinawerenga kawiri n'kutumiza. Achemwali anandithirira tiyi. Yankho linafika tiyiyo asanazizire, lonena kuti aunikanso nkhaniyo ndipo chigamulo sichisintha. Ndinadziwa pomwepo kuti palibe munthu amene wawerenga. Ndipo ngakhale akanawerenga, ndani kumeneko akanamva Chichewa cha achemwali, chimene nthawi zina chimasakanikirana ndi Chishona m'chiganizo chimodzi?

Ndinafufuza njira ina, ndipo ndinapeza poti munthu ungatumize chithunzi cha chitupa kusonyeza kuti tsambalo ndi lako. Apa ndiye panatipweteka kwambiri. Achemwali anapeza chitupa ali wamkulu kale, atavutika zaka zambiri chifukwa makolo athu analibe mapepala. Kalaliki amene analemba anasintha dzina lawo kuti limveke ngati la Chishona, ndipo dzina la bambo analemba la kapitao wa pafamu amene anawaperekeza ngati mboni. Nthawi imeneyo sanatsutse, poopa kubwerera chimanjamanja. Tsopano dzina la pachitupa ndi la pa tsamba zinali zosiyana. Tinajambula chitupacho pa tebulo, pafupi ndi zenera kuti chioneke bwino, n'kutumiza katatu. Katatu konse anayankha kuti sangathe kutsimikiza kuti ndi iwo.

Mwana wawo uja, amene tsopano ali pabanja ku Rimuka komweko, anafika madzulo ake. Iye amamva Chichewa koma amayankha m'Chishona, ngati anzake onse. Anatenga foni, anafufuza paliponse, kenako anaiika pansi pang'onopang'ono. Timavidiyo ta bambo ake tonse tinali pa tsamba lija. M'foni munalibe kalikonse, chifukwa anafufuta ndi iye mwini. Anafunsa ngati ine ndinasungako kena. Ndinali ndi chithunzi chimodzi cha pa ukwati wake, alamu ataima kumapeto, nkhope theka. Mawu awo ndinalibe.

Ku Chegutu kuli kaofesi kumene mayi wina wodziwa malamulo amathandiza anthu ulere Lachitatu. Ndinawatenga achemwali kupita nawo kumeneko. Tinadikira pa benchi kuyambira m'mawa, pakati pa anthu a nkhani za nyumba ndi za ana. Mayiyo anali wofatsa, wooneka wotopa, ndipo anamvetsera zonse osatidula pakamwa. Za mgodi anati angathe kulemba kalata, ngakhale sanalonjeze kanthu. Titafika pa za tsamba, anapukusa mutu.

Achemwali anati, "Paja amati m'dziko muno munthu ali ndi ufulu wolankhula. Ndinamva pa wailesi, ndinamvanso pa nthawi ya mavoti. Ufulu umenewo uli kuti?"

"Ulipo, mayi. Uli m'malamulo aakulu a dziko. Akanakhala kuti wapolisi wakumangani chifukwa cha zimene munanena, bwenzi tikupita kukhoti mawa. Koma amene wakutsekeraniyu si boma. Ndi kampani, ndipo tsambalo ndi lake. Tsiku limene munalowa munavomera malamulo ake."

Achemwali anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi.

"Ndiye kampani siimangidwa ndi lamulo?" anafunsa.

"Alipo odziwa malamulo amene amati nayonso iyenera kulemekeza ufulu wa anthu, ndipo ine ndimagwirizana nawo. Koma kampani imeneyi ilibe ofesi kuno, ilibe munthu amene ndingamupatse kalata m'manja. Ili kutsidya kwa nyanja. Ndinganame nditati ndingaifikire."

Achemwali anayamba kumuuza mayiyo za bambo athu. Ine nkhaniyo ndinkangoidziwa mwapatalipatali, chifukwa ndinali wamng'ono. Bambo anadandaula kwa mwini famu za mankhwala opopera thonje amene ankawotcha anthu khungu. Sanamangidwe, sanamenyedwe. Anangouzidwa kuti nyumba imene tinkakhala pakomboni, malo ogona antchito, ndi ya famu, ndipo pofika Loweruka tikhale titatuluka. Tinagona mwezi wathunthu m'khitchini mwa anthu pa famu ina.

"Ndiye ndi komboni basi," anatero achemwali. "Ine ndimayesa ndili pakhomo panga."

Mayi wa malamulo uja sanatsutse. Anati tiyese kutsegula tsamba lina, ndipo zofunika tizisunga pena. Tinathokoza n'kutuluka.

Nkhani imeneyi ndinalimbana nayo masiku ambiri ndikugwira ntchito. Ine ndemwe ndili ndi kamalo kanga kowotchererapo, ndipo munthu atabwera kudzatukwana makasitomala anga ndingamutulutse, palibe angandifunse. Malo ndi anga. Pamenepo ndinkaona kuti eni tsamba nawonso ali ndi mbali yawo. Koma munthu ndikamutulutsa pa malo anga amakaima pamsewu, anthu n'kumamumvabe. Pa tsamba lija ndi pamene tsopano timamvera za maliro, za ntchito, za madzi akabwera m'mipope, za abale amene anapita ku Joni. Msewu weniweniwo unasamukira m'menemo. Achemwali atachotsedwa, anthu ena a ku Chinengundu ankandifunsa ngati amwalira, ena ngati alandira mari kwa mwini mgodi kuti akhale chete. Analibe poyankhira.

Tsamba lachiwiri ndinawatsegulira ndi dzina la pachitupa. Anthu sanalidziwe dzinalo, ndipo amene anawapeza anali ochepa. Anatsamiritsanso foni pa chitini n'kuyambiranso nkhani yonse. Linakhala masiku asanu ndi anayi. Analitseka ponena kuti munthu amene anachotsedwa kale saloledwa kubwerera ndi dzina lina. Mtolankhani uja sitinamvenso za iye, ndipo dzina lake achemwali ankalikumbuka theka.

Patapita miyezi iwiri, mnzawo wa alamu uja, wamtali amene ankatsika m'dzenje, anafika kuntchito kwanga ku Pfupajena. Sanabwere ndi ntchito. Anaima pafupi ndi zitsulo nthawi yaitali akundionerera, mpaka ndinazimitsa makina n'kumupatsa chitini choti akhalepo.

"Achimwene, pali nkhani ikundisowetsa tulo," anatero. "Tsamba la achemwali anu lija tinatseketsa ndife."

Anafotokoza kuti kapitao anawasonkhanitsa onse a pamgodi. Anawauza kuti mayi uja akapitiriza, a boma abweranso ndipo ulendo uno mgodi autsekeratu. Anagulira aliyense bandulo ya intaneti, n'kuwaonetsa podina ponenezera munthu ndi mawu oti asankhe, akuti mayiyu akuzunza ndi kuopseza. Anawauza kuti akauzenso akazi awo ndi ana awo adine. Ankachita zimenezo tsiku lililonse asanatsike pansi, kapitao akuyang'ana foni imodziimodzi.

"Inunso munadina?" ndinafunsa.

"Ndinadina. Kangapo."

"Paja ndinu munawakulunga alamu anga m'bulangete muja."

"Ndine. Ndipo zonse zimene achemwali anu ankanena ndi zoona, ndinalipo. Koma ndili ndi ana anayi, achimwene. Mgodi uja akautseka ndipita kuti? Thonje linatha, fakitale ya nsalu inathanso. Ine ndinkaganiza kuti angochotsa kavidiyo kamodzi. Sindinkadziwa kuti achotsa zonse."

Ndinamufunsa ngati mitengo ija anaisintha. Anati anasintha ina, ya pamwamba, imene imaoneka. Ndinamufunsa chifukwa chake wabwera kwa ine osati kwa achemwali. Anati sangathe kuwayang'ana kumaso. Ndinkafuna kumukalipira, koma ndinakumbukira kuti inenso ndinapita ku Rimuka kukawauza achemwali kuti asiye kutchula dzina, poopa kutaya ntchito ya mageti. Ndipo tsiku limene tsamba linatsekedwa, pansi pa mtima panali kachinthu kena kamene kanapuma. Ndinamuperekeza mpaka pokwerera kombi.

Ndinasunga nkhaniyo milungu itatu ndisanawauze achemwali. Nditawauza, anali pa makina awo osokera, ndipo sanaimitse phazi.

"Ndinadziwa kuti ndi anthu a pafupi," anatero. "Mkazi wake anasiya kudzera njira ino. Amazungulira kuseri kwa msika."

"Mukufuna ndikalankhule naye?"

"Ukamuuze chiyani? Mawa atsikanso m'dzenje lomwelo."

Kalata ya mayi wa malamulo ija inapita kumene inapita, yankho silinabwere. Achemwali sanafunenso tsamba lachitatu. Foni ankangoimbira ndi kulandira.

Chaka chitatha tinaika mwala pamanda a alamu. Kunabwera anthu ambiri, a kutchalitchi, a m'dera lawo, ndi amuna a kumgodi amene anaima kumbuyo atavula zipewa. Mnzawo wamtali uja analipo. Kapitao analiponso, atabweretsa mabotolo a zakumwa. Atatha kuvundukula mwala, mkulu wa mpingo anati mayi wamasiye anene mawu ochepa othokoza anthu.

Achemwali anaimirira. Anathokoza amene anaphika sadza, nsima ya kuno, ndi amene anamanga manda. Kenako anati, "Amuna anga anakhala moyo masiku awiri pansi. Ena mwa inu munamva akugunda paipi." Anthu anayamba kuyang'anizana. Anapitiriza, ndi mawu omwe aja osakwera, kunena za mitengo yofumbwa ndi za pampu imene inali pa mgodi wina. Atangoyamba kutchula dzina la mwini mgodi, mkulu wa mpingo anakweza dzanja n'kuyambitsa nyimbo. Amayi anailandira msanga, ndipo posakhalitsa manda onse ankaimba.

Achemwali sanakhale pansi. Anapitiriza kulankhula nyimbo ili mkati. Ine ndinali pafupi nawo, mwana wawo ali mbali inayo atawagwira mkono, ndipo ngakhale ifeyo tinkangomva mawu apa ndi apo. Nyimboyo inali ya ndime zisanu, ndipo anaimba zonse. Achemwali anamaliza nkhani yawo ndime yachinayi ili pakati, anapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje, n'kukhala pansi. Nyimbo itatha, mkulu uja anapemphera, ndipo anauza anthu kuti chakudya chili kunyumba.